Penti Wofiira pa Bulugamu

Mitengo ya bulugamu ya kumalaini kwathu ku Mangochi anadzala ndi azungu a boma, ati izimwa madzi a m'dambo kuti udzudzu uchepe. Udzudzu wake uti? Unkatidyabe, pamene mitengoyo inanenepa mpaka anthu awiri kulephera kuikumbatira. Bulugamu akakalamba ndi mfiti. Nthambi imangokhadzuka dzuwa likuswa mtengo, popanda ndi kamphepo komwe. Ina itaphwanya denga la sitolo, tonse tinayamba kuyenda maso ali m'mwamba.

Chaka chimenecho ndinkasunga mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambiki, ndi mwana wake wamkazi wa kumsana. Kumsasa wa othawa anakukana, ati kumeneko sudziwa amene wagona naye pafupi. Ankagona kukhitchini kwanga, ndipo masaya anali atayamba kubwerera.

Tsiku lina anthu a kukhonsolo anabwera ndi chitini cha penti wofiira, n'kumalemba mtanda pa mitengo yoti igwetsedwe. Wa pakhomo panga anaulembanso. Ndinamupeza mayiyo ataima pamenepo, mwana atamufinya pachifuwa.

"Achemwali, atilemba," anatero. "Kwathu amayamba chonchi. Amalemba mtengo wa pakhomo, kenako amabwera ndi moto."

"Iih, inu! Akufuna mtengo, osati inuyo," ndinamuyankha. Ndinabwereza m'chiyankhulo chake, m'Chiyao changa chothyokathyoka, mpaka kulumbira.

"Nanga wa aneba bwanji sanaulembe?"

Wa anebawo unali wowongoka bwino, basi. Koma iye ankadziwa kuti kwa aneba kulibe wothawa nkhondo. Anakwecha mtandawo ndi mchenga mpaka zala kutuluka magazi, penti osachoka. Anasiya kudya. Ine mantha anandigwira, osati a mtengo, koma a maso akewo, amene sankachokanso kumsewu.

Odulawo anafika ine ndili kumsika. Aneba anadzandiuza pambuyo pake kuti anali amuna okhaokha, atanyamula zingwe, ndipo anakhala pansi pa mtengo wanga n'kuyamba kunola nkhwangwa. Nditabwera, moto unali ukuyakabe kukhitchini, koma nsalu yoberekera mwana panalibe pachingwe.

Ndinazungulira depoti yonse ngati wamisala. Dalaivala wa lole ya matola anandiuza mawa lake kuti anawatsitsa ku Katuli, mayi ndi mwana, ndipo anawaona akulowera njira ya kumalire osacheuka. Mpaka lero mtima umandiwawa, nthawi zina ndimachita kumukwiyira. Anathawa anthu odula mitengo n'kubwerera kumene ankadula anthu.