Mayi amene anasiya kuseka

A Enifa, a kufupi ndi Khombedza, pautsikana wawo ankaseka mpaka kugwetsa lichero la usipa. Koma amene anawadziwa m'zaka za m'ma 1970, akuyanika nsomba pathandala kunyanja, sanaonepo dzino lawo.

Chinawatseka pakamwa ndi mwana wawo Jailosi. Anabadwa ndi maso okongola ndithu, koma osaona kanthu. Apongozi sanachedwe kugamula: "Uli ndi pakati unaseka wakhungu uja pamsika. Ndi zimenezitu." A Enifa anakumbuka kuti tsikulo anasekadi, ngakhale chowaseketsa anachiiwala. Anausenza mlanduwo. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni, ulendo wa mnanu. Amayi oyembekezera ankawalambalala pachitsime. Pakhomo panatsala mayi ndi mwana, pali zii.

Jailosi atamera ndevu, ali katswiri wosoka maukonde ndi zala zokha, kuchipatala cha mishoni kunabwera dokotala wa maso. A Enifa anapita naye mwana wawoyo. Dokotalayo anamuunika ndi katochi nthawi yaitali, kenako anati:

"Mayi, mkati mwa diso chakumbuyo muli kansalu kolandira kuwala. Mwana akamaumbika m'mimba, tizidutswa tamoyo ting'onoting'ono ta kansaluko timauzana zochita: iwe ulandire kuwala, iwe upititse uthenga ku ubongo. Zili ngati asodzi pokoka khoka, aliyense amamvera mnzake wapafupi. Kwa mwana wanuyu, uthenga wina sunafike. Kuchiza sitingathe."

"Nanga kuseka?" anafunsa a Enifa chapansipansi. "Kuseka wakhungu uli ndi pakati?"

"Kuseka sikufika kumeneko, mayi. Izi zimayamba mimba isanaoneke n'komwe."

Anabwerera wapansi, Jailosi atawagwira phewa. Njira yonse a Enifa ankafuna woti amuuze mawu a dokotalawo, koma apongozi anali kumanda, mwamuna osadziwika kumene ali, ndipo anzawo akale anali atawaiwala. Zinawawawa zedi. Mlandu unali utatha, koma owaweruza panalibe.

Atafika pakhomo anapeza bakha wawo atalowetsa mutu m'chitini, akuyenda chafutambuyo mpaka kugunda mtondo. A Enifa anayesa kudzigwira monga mwa masiku onse, koma chiseko chinatuluka chokha, chosasa, chachitali, mpaka misozi mbwembwembwe.

Jailosi anachotsa dzanja paphewa lawo. Anakonza malaya ake mwaulemu, n'kutchera khutu.

"Amayi," ananong'ona, "kodi kwabwera alendo?"