Pa Malo a Eliya

Ndinatsimikiza zopita ku Joni chaka chimene mafuta a galimoto anasowa kumudzi, anthu n'kumaswera pa mizere ndi zigubu. Ndinali kalaliki wosunga zipangizo pa kampani ina ya malole ku Limbe. Malole ataima, bwana anatiuza kuti tikapume kaye, adzatiitana zinthu zikakhala bwino. Mpaka lero sanandiitane. Ndinayenda ndi envulopu ya masatifiketi ofesi ndi ofesi mpaka nsapato zinatha chidendene, alonda a pageti n'kuyamba kundipatsa moni ndi dzina, kuti a Damiyano mwabweranso. Ndikaganiza zobwerera kwathu ku Ntcheu kukagwira khasu, manyazi ankandigwira. Malume anga, a Bizaliele, ndi amene anagulitsa ng'ombe n'kundipatsa yokwerera. Anati ndipite ndikaone kumene anzanga akuona, osamangokalambira pa mabenchi a maofesi.

Ndinafikira ku Fordsburg, m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya nsalu, momwe tinkagona mothithikana ngati usipa m'thumba. M'mawa uliwonse tinkaima m'mbali mwa msewu pafupi ndi shopu ya simenti ndi penti, aliyense atanyamula kakatoni kolemba ntchito yake. Ine ndinalemba kuti ndine wopenta, ngakhale burashi ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Galimoto ikaima tinkaithamangira tonse, Amalawi, Azimbabwe, a ku Mozambiki, ndipo mwini wake ankangoloza ndi chala pawindo, osafunsa dzina. Masatifiketi aja ndinawaika pansi pa matiresi. Ukalaliki wanga unathera pa boda.

Chinthu chokha chimene chinkandiyendera bwino chinali pasipoti. Masiku amene amakupatsa polowa ndi ochepa, ndiye ambiri tinkapereka mapasipoti kwa anthu a mabasi kuti akadinditse n'kubwera nawo. Yanga inkatuluka m'dziko ndi kulowanso ine ndili chiimire ndi kakatoni kanga. Tinkaseka kuti ikuona dziko kuposa mwini wake.

Ku tchalitchi chathu cha Amalawi, chimene chinkakumana m'galaja ina, ndinadziwana ndi a Eliya, bambo wa ku Balaka, wamkulu kwa ine koma wamtali ndi wowonda chimodzimodzi. Iwo anali ndi chimene tonse tinkachilota: ntchito ya mwezi, ya m'gadeni, kwa nkhalamba ina yachizungu ku Midrand, ndi chipinda chawochawo. Tsiku lina titaweruka mapemphero anandikokera pambali.

"Mphwanga, ndikufuna ndikaone ana. Koma kuno ntchito sasiya pambalambanda, ukapeza wina atakhalapo. Undigwirizire malo mwezi umodzi."

Umu ndi mmene timachitira ku Joni. Wopita kumudzi amasiya munthu wake pamalo, wogwirizirayo amadya nawo malipiro, mwini akabwera amamuchokera. Vuto linali loti pasipoti ya a Eliya inali itatha ntchito. Anapempha yanga. Anati pa boda sayang'ana kwambiri nkhope, ndiponso ine ndipindula, chifukwa ibwera itadindidwa popanda kulipira wa basi. Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinawapatsa pasipoti, iwo anandipatsa kakhadi kolowera pageti, ovolosi, ndi foni imene madamu ankawaimbirapo.

Nyumbayo inali m'dera lotchingidwa ndi mpanda wamagetsi, la misewu yoyera yopanda munthu woyenda pansi. Masana kunkakhala zii, kungomveka madzi othirira kapinga. Alonda anayang'ana khadi osandiyang'ana ine. Madamu, amene maso awo anali atayamba kuchita khungu, anangonena kuti Elias wawonda, azidya. Amene anadziwa kuti sindine anali galu yekha. Anandiuwa masiku angapo, kenako anatopa n'kuyamba kugona pakhomo panga monga ankachitira ndi mwini chipinda.

Mwezi unatha, wachiwiri ndi wachitatu n'kuthanso, a Eliya osabwera, ndipo nambala yawo ya kumudzi sinkapezeka. Sindinadandaule kwambiri, kunena zoona. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinali ndi kanthu kotumiza. Ndinaimbira amayi kuti ndiwauze nkhani yabwinoyi. Anayankha, ine n'kunena kuti amayi, ndine Damiyano. Ndinkamva mpweya wawo, ndi nkhuku ikutetera chapatali. Kenako anayankhula ndi mawu otsika amene sindinawamvepo.

"Mwana wanga tinaika. Inu musandiimbirenso."

Ndinaimbanso kambirimbiri, foni ili yozimitsa. Patapita masiku nambalayo inasiya kugwira ntchito. Ndinagula bulangete ndi mafuta ophikira n'kupatsa Maliko, mnzathu wonyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi, kuti akasiye kwa amayi ndiponso akandionere chimene chachitika. Atabwerako anandipeza ndikudula heji, katundu uja ali m'manja mwake mmene ndinamangira. Sanandigwire chanza. Anaima patali pang'ono n'kumandiyang'ana kumapazi.

Anandiuza kuti basi ina inagubuduzika n'kupsa mumsewu wa ku Zimbabwe. Mmodzi mwa akufawo anamuzindikira ndi pasipoti yanga ija, imene inali m'kachikwama kamene kanagwera kunja. Kwathu kunafika bokosi lokhomerera, lolamulidwa kuti asatsegule. Analira, anaika, anagawana zovala zanga. Katundu wangayu anamukana, amati salandira za akufa. Maliko atalumbira kuti wandisiya ndili moyo ku Midrand, amuna a pamudzi anamuuza kuti adzuke azipita dzuwa likadalipo.

Tsiku limenelo ndinamaliza kudula heji. Ndimadabwa nazo mpaka pano, koma ndinamaliza, ndinasesa masamba, ndinatsuka galimoto ya madamu. Manja ankagwira ntchito okha, mutu utaima.

Chovuta china chinali foni ija ya a Eliya. Akazi awo anayamba kuimbirapo, kufunsa kuti bambo a ana anyamuka liti. Ndinawafotokozera zonse, osabisa kanthu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti munthu wopanda maliro sanafe, ndisawalodze amuna awo. Kuyambira pamenepo mwezi ukatha ndinkawatumizira gawo la mwini malo, monga mwa pangano, ndipo iwo ankalandira ngati lachokera kwa amuna awo. Nthawi zina ankaimba n'kupatsa foni kamwana kawo kotsiriza kuti kapereke moni kwa ababa. Ndinkayankha. Mukanakhala inu mukanatani?

Anthu amandifunsa chifukwa chake sindinathamangire kumudzi nthawi yomweyo. Pasipoti ndinalibe, ndipo wakufa sakapempha ina popanda kufotokoza mmene yoyambayo inapezekera m'thumba la mnzake. Ndinkaopa kumangidwa. Ndinkaopanso kubwerera pa msewu uja ndi kakatoni, chifukwa chaka ndi chaka oima pamenepo ankachuluka, magalimoto oima n'kumachepa. Ndinkati ndipita mwezi wamawa, ndikasonkhanitsa pang'ono. Kenako pageti anaika makina odinda chala, ndipo anatenga chala changa n'kuchilemba pa dzina la Eliya. Anzanga a kutchalitchi, amene poyamba ankanditchula choncho mongoseka, anazolowera. Panapita zaka palibe munthu wondiitana Damiyano. Lamlungu masana ndinkakhala pa bedi la a Eliya, jekete yawo ili pa msomali pomwe anaisiya, n'kumadzitchula dzina langa mokweza kuti ndimve ngati likundikwanabe. Ndinasungulumwa koopsa.

Mpata unapezeka madamu atapita kutsidya kwa nyanja kukakhala miyezi ingapo kwa mwana wawo. Maliko anandidutsitsa m'maboda monga amadutsitsira mafiriji a anthu, ndipo ndinatsika pa msewu wa kwathu dzuwa lili paliwombo.

Oyamba kundiona anali amayi a pamjigo. Palibe anakuwa. Anasiya ndowa zawo madzi akusefukira, n'kumachoka mmodzimmodzi chobwerera m'mbuyo. Ana anakokeredwa m'nyumba, zitseko n'kumatsekeka ndikamadutsa. Pamphambano ndinakumana ndi msuweni wanga atavala shati yanga ya ku ofesi, yabuluu, kolala itatha. Ndinamupatsa moni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipempha mwaulemu kwambiri kuti nditulutse lilime. Ndinaseka, koma iye sanaseke. Pamenepo ndinamvetsa chimene ankandiyesa: ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga n'kudulidwa lilime kuti azigwirira ntchito wokhwima. Ndinatulutsa lilime langa lonse pakati pa njira, bambo wamkulu ndi ndevu zanga, iye n'kuliyang'anitsitsa ngati akugula mbuzi.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Anakalamba kuposa zaka zimene ndinachoka. Anandiyang'ana, anaika lichero pansi, n'kungoti wabwera. Anandilowetsa m'nyumba, anatseka chitseko, ndipo mmenemo ndi mmene anandigwira kumaso, m'makutu, m'mapewa, akulira chamumtima kuti apanja asamve.

Ndinafunsa za malume, chifukwa ndinawabweretsera chipewa. Amayi ananditengera kuseri kwa nyumba n'kundilozera kumunsi, kumene kunali zipupa zakuda zopanda denga ndi injini yadzimbiri itamera udzu. Chinali chigayo. Malume anachitsegula patangopita masabata owerengeka bokosi langa litafika, ndi ndalama za fodya ndi ng'ombe zawo zotsala. Koma anthu anaphatikiza okha: ndani anamupatsa yokwerera mwanayu? N'chifukwa chiyani bokosi analetsa kutsegula? Ena anayamba kunena kuti amamva chigayo chikulira chokha, ena kuti anandiona ndikunyamula matumba mmenemo nditayera ndi ufa. Tsiku lina masana anachiyatsa moto. Malume anathawira tsidya la Mozambiki, ndipo anamwalira komweko chaka chathachi, popanda wa kwathu wokaponya dothi.

"Woyamba kuloza chala ndinali ine," anatero amayi. "Mlongo wanga weniweni, wobadwa naye bere limodzi. Pamene unkaimba foni ija, chigayo chinali chitapsa kale."

Ndinawafunsa ngati anandizindikira mawu tsiku limenelo. Anati mayi saiwala mawu a mwana wake.

Ndinakhala pamudzi masabata angapo, ndikuganiza kuti anthu azolowera. Ndinafotokoza za pasipoti kwa aliyense wofuna kumva, pabwalo, kutchalitchi, kugolosale. Ankamvetsera bwinobwino, kugwedeza mutu, koma pofika madzulo nkhani inali itakhazikika kwina: mwini wake wafa, ndiye ndondocha yamasuka yabwerera kwawo, lilime linamera. Poyamba ndinkapsa mtima ndi umbuli wotere. Kenako ndinaona kuti si umbuli. Amene ananyamula mafuta ndi machesi tsiku lija ndi omwewa, akuluakulu a mpingo, asuweni anga, oyandikana nafe. Ngati ine ndinali moyo nthawi yonseyi, ndikuthirira maluwa ku Midrand, ndiye kuti anathamangitsa munthu wosalakwa kukafera kuchilendo. Kunali kopepuka kuti wakufa ndikhale ine.

Palibe ankadya nane mbale imodzi. Ndinafunsa ganyu yolemba pa malo ogulira soya, mwini wake anati alimi sangabweretse mbewu kwa ine. Manda anga ndinawaonera patali, ndili m'mphepete mwa msitu: chiliza chabwino cha simenti, dzina lolembedwa bwino lomwe, malo osesedwa. Ndinauza amayi kuti ogona pamenepo ndi a Eliya a ku Balaka, ali ndi akazi ndi ana amene akuwadikirabe. Anati amene anamulira ndi iwo, anamusesera zaka zonsezi ndi iwo, ameneyonso ndi mwana wawo tsopano, ndisawalande.

Amene anandiuza kuti ndibwerere ku Joni ndi amayi omwe. Anati chibwerereni ine, amayi anzawo asiya kudzapala moto, ndipo akadzadwala sadziwa amene adzawatungire madzi. Pamene ndinali wakufa, mudzi wonse unkawasamala ngati mayi woferedwa. Ananena zimenezi akundipindira zovala, osandiyang'ana.

Anandiperekeza mpaka kumsewu, iwo okha. Tinaima pansi pa mtengo wa mango kudikira minibasi. Itaonekera patali anandigwira dzanja.

"Ndikamakupempherera, ndizitchula dzina liti?"

"Muzitchula la Eliya, amayi," ndinatero. "Ndi limene lili pa ntchito."