Kansungwi ka Zubeda

Bolodi lachinayi la kompyuta litakanika, Dr Pendse, mkulu wa asayansi pantchito pathu, analiponya patebulo pamaso pa Zubeda Ansari.

"Masabata khumi ndi awiri apita pachabe," anatero. "Lotsatirali likakanikanso, mtsikana iwe, usadzabwerenso kuno."

Inu amene mukuwerenga izi pafoni, dziwani kuti kwathu ku Bombay, zaka zimenezo, kompyuta inkadzaza chipinda chonse. Zofunika kukumbukira inkazisunga m'timphete tachitsulo tating'ono ngati mikanda, zikwizikwi pabolodi limodzi. M'kamphete kalikonse munkadutsa mawaya owonda ngati tsitsi, ndipo olowetsa mawayawo tinali ife atsikana, ndi manja.

Zubeda anali mwana wa owomba nsalu a ku Bhiwandi. Mayeso a sekondale analephera kawiri. Bambo ake atamwalira, chowombera chawo chinagulitsidwa, moti ntchito iyi ndiyo inkadyetsa iye ndi mayi ake.

Sabata imeneyo sanakhazikike. Akakhala pansi wadzuka, akapita pazenera wabwerera. Tiyi ankamuzizirira m'kapu. Ine wa tebulo loyandikana ndi lake ndinatopa naye.

"Ukutigwedezera nyumba ndi mwendo wakowo," ndinamuuza. "Ngati ndi gule, dikira ukwati wanga."

"Filomena, manjawa sanalakwitse. Ndawerenga kamphete kalikonse. Ndiye vuto lili pati?"

Madokotala athu a sayansiwo anali ndi lamulo: waya osaukhudza ndi chala, poti thukuta limauwononga. Tinkaugwira ndi kachitsulo kopanira kochokera kunja, ndipo tinkakalemekeza ngati apongozi.

Tsiku lachitatu masana Zubeda anasolola waya pabolodi lakufa lija. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anauyendetsa pamlomo, monga ankachitira bambo ake pofuna kumva ngati ulusi uli ndi mfundo. Ndinaona maso ake akutuzuka. Wayawo unkakanda. Paliponse pamene kachitsulo kaja kanagwira, utoto woteteza waya unali wopalika, ndipo mawaya opalika akakhudzana, magetsi amasochera.

M'mawa mwake anabwera ndi kansungwi kopanira waya, kong'aluka kumapeto, kosalala, kamene anasema kuchokera padengu lakale la mayi ake. Analunjika ku ofesi ya Dr Pendse, ine pambuyo.

"Ukuti waika waya wanga pakamwa?" anafunsa Dr Pendse.

"Sindinadye, a Dokotala, ndangolawa. Tauyang'anani pagalasi lanu lokuzira zinthulo."

Dokotala anauyang'ana pagalasipo nthawi yaitali. Kenako anatola kansungwi kaja ndi zala ziwiri.

"Chosemedwa padengu, m'makina a sayansi? Anthu atiseka."

"Mukandichotsa ine, kachitsuloko katsala. Kadzapalanso waya wa amene abwere m'malo mwanga."

Anamulola, koma mawu ake oyamba sanawabweze. Masabata atatu Zubeda analuka, msana wopindika, maso ofiira. Kansungwi kanathyoka kawiri, iye n'kusema kena. Anyamata a magetsi ankamufunsa ngati akubweretsanso lichero. Iye ankangolukabe, koma ndinkadziwa kuti zikumuwawa.

Tsiku loyesa bolodilo Zubeda anali atamanga kale kachikwama kake. Analephera kulowa m'chipinda cha makina. Ankangoyenda m'khonde uku ndi uku, mpaka chitseko chinatseguka. Dr Pendse anatuluka, m'manja muli kansungwi, atakagwira chozondotsa.

"Ndizipita, a Dokotala?"

"Mupita kuti? Bolodi lakumbukira nambala iliyonse. Takhalani pansi, mayi Ansari, mundionetse kagwiridwe kake."

Zubeda analira, nanenso ndinalira. Pofika chaka chotsatira ankaphunzitsa atsikana makumi awiri, aliyense ndi kansungwi kake. Pachikwangwani cha makinawo dzina lake silinalembedwe, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Koma mayi ake sanagonenso ndi njala.

Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala mutu wa dokotala. Mwina nanunso munalephera mayeso, ndipo zimene anakuphunzitsani makolo mumazibisa pochita manyazi ndi ophunzira. Zitulutseni. Mwina chimene chawasowa onsewo chili m'dengu lakale la kwanu. Osataya mtima, ndipo musafulumire kumanga kachikwama.