Chidutswa Chachinayi pa Nsalu ya Sevara

A Mohira a m'tauni ya Nurota ukawapatsa nsalu sankayamba ndi kuyang'ana maluwa ake ayi. Ankaitembenuza kaye, n'kuyendetsa chala kuseri, kufuna mfundo. Ngakhale pamaliro, anthu ali chete, umangoona dzanja lawo likupinda kangodya ka nsalu ya eni nyumba.

Kupeta anaphunzira kwa mayi awo, a Rohat, mano akutsogolo asanamerenso n'komwe. Atakwatiwa anatsegula malo awoawo, zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba, kumene amayi khumi ndi awiri ankapeta suzani, nsalu zikuluzikulu zija timapachika pakhoma, za makangaza ndi dzuwa lofiira. Chaka choyamba ananyamula zitatu kupita nazo ku Tashkent. Mwini sitolo ina anaitembenuza imodzi, n'kunena mawu amodzi okha: "Zakumudzi." Kugula anagula ndithu, zonse zitatu. Koma mawu aja anatsala. Patapita zaka makumi awiri, nsalu zawo zikukwera ndege kupita kumayiko amene iwo sanafikeko, ankawamvabe m'khutu akamalowetsa ulusi pasingano.

Suzani sapeta munthu mmodzi. Amajambula maluwa pa zidutswa zazitali zitayalidwa pamodzi, kenako amazilekanitsa, mayi aliyense n'kutenga chake. Pokazilumikiza, tsamba lina silikumana bwino ndi linzake, kufiira kwa uyu kumasiyana pang'ono ndi kwa uyo. Aliyense amadziwa zimenezo, ndipo palibe amene zimamudwalitsa mutu. A Mohira okha. Ankabweza ntchito kawiri, katatu, mwina n'kuimasula okha mwini wake akuona.

"Achemwali," ankatero mng'ono wawo Hulkar, amene yekha ankatha kuwaseka, "Mulungu akanakuikani kapitawo polenga dziko, bwenzi mpaka lero tikudikira tsiku lachiwiri."

A Mohira sankaseka. Amayi aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, uyu akuti msana, uyu akuti apongozi akudwala. Anatsala asanu. Ntchito ya ochokawo a Mohira ankaisenza okha. Tiyi ankawazizirira pambali, buledi ankangomubenthula kamodzi.

Mwana wawo wamkazi anali mmodzi, Sevara, ndipo ukwati wake unaikidwa pakutha pa kukolola thonje. Nsalu yake yopita nayo kubanja inali ya zidutswa zinayi. China anapeta a Mohira, china Hulkar, china Sevara mwini. Chachinayi anapeta a Rohat m'nyengo yawo yozizira yomaliza, maso ali ndi ng'ala, atakhala pawindo. Anamwalira chipale chofewa chisanasungunuke. Sevara sanapemphe golide wambiri kapena makapeti. Anangoti nsalu imeneyo ikapachikidwe m'chipinda chake, manja a agogo ake ali pomwepo.

Kutatsala masabata awiri, m'mawa wina a Mohira ndi Sevara anayala zidutswa zonse pabwalo, pansi pa mphesa. Zitatu zinakumana bwino. Cha a Rohat chinali chokhotakhota. Makangaza ena ngati mazira, ena ngati anyezi, ndipo pakati pa masamba obiriwira panali limodzi lachikasu.

Sevara anaseka, misozi ikutuluka. "Ili ndikulikumbuka. Anandifunsa kuti, 'Mwanawe, ulusi uwu ndi wobiriwira eti?' Ine ndili pafoni ndinangoti eee."

A Mohira ankaona zina. Ankaona amayi a kuchimuna atazungulira nsaluyo, akugwirana zigongono: ndiye mwana wa Mohira uja ameneyu?

"Amayi," anatero Sevara, atawaona nkhope. "Musagwirepo."

"Ndani wanena kuti ndigwira?"

"Maso anu anena."

"Pita ukagule nsapato zako, basi ikusiya."

Sevara ndi Hulkar ananyamuka kupita kumzinda wa Navoiy. A Mohira anasesa pabwalo, anatsuka makapu, anadyetsa nkhuku. Kenako anakhala pansi ndi kasizasi kawo. Tsamba lachikasu lokhali, anadziuza. Palibe adzadziwe. Analimasula, n'kupeta lobiriwira, losalala ngati lamoyo. Koma tsamba labwinolo linachititsa manyazi anzake oyandikana nalo. Anamasula awiri ena, n'kupetanso. Atatero, khangaza la pamwamba pake linaoneka ngati chotupa. Anati amasule kaye zonse zolakwika, kupeta apete pambuyo, masiku alipo. Dzuwa linachoka pamphesa n'kufika pakhoma. Pamene kumzikiti ankaitanira pemphero la masana akulu, anadzidzimuka n'kuyang'ana pamiyendo pawo. Panali mulu wa ulusi wopotanapotana. Pachidutswa paja panatsala masamba atatu amene iwo anapeta aja, mizere ya inki yofwifwa, ndi timabowo ta singano tambirimbiri.

Sanalire. Anati masiku khumi akwana, ndazichitapo. Anatenga singano, ananyowetsa ulusi ndi malovu. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso. Anavala magalasi. Dzanja silinkapweteka ayi, linkangomveka ngati la munthu wina, ndipo m'chifuwa munali mbee, ngati nyumba yosamukamo. Anakhala choncho, singano ili m'manja, mpaka chitseko cha kumsewu chinalira.

Hulkar ndi amene anayamba kuona. Bokosi la nsapato linagwa. "Mayo ine, achemwali! Mwatani?"

"Ndibwezerapo. Ndipeta ngati mmene anapetera."

"Inu? Kukhotetsa mzere mumatha inu?"

Sevara sanakuwe. Anagwada, anavula mpango wake kumutu, n'kuyamba kutola ulusi uja pamiyendo ya mayi ake, umodziumodzi, ndi wina umene mphepo inaulutsira kumadzi a nkhuku. Atamanga mpangowo anati, "Ndinakupemphani chinthu chimodzi, amayi." N'kulowa m'nyumba.

Masiku otsatira a Mohira anagona choyang'ana kukhoma. Amuna awo anabweretsa dokotala, amene anawayeza magazi ndi mtima koma sanapeze kanthu. "Mwatopa, mayi. Munapuma liti?" Amayi asanu aja anabwera ndi masingano awo, ena awiri mwa ochoka aja anabweranso, akuti tikagwirizana sabata imodzi titha. Sevara anawathira tiyi, anawathokoza, n'kukana.

"Apetepo ndani? Manja amene anapetapo ali kumanda."

Sevara anachotsa masamba atatu a mayi ake aja, n'kulumikiza yekha zidutswa zinayi, chachinayicho chili choyera.

Kutatsala masiku awiri, monga mwa mwambo, amayi a kuchikazi anapita kukakongoletsa chipinda cha mkwatibwi kunyumba ya mkwati. Mkwatibwi sapita. A Mohira anafuna kutsala, koma Hulkar anawaveka yekha diresi. "Mayi wa mwana ndinu. Kapena nanunso tikumasuleni?"

Anayala mabulangete, anaunjika mapilo, kenako anyamata awiri anakhoma misomali, nsalu ija n'kutambasuka. M'chipinda munadzaza amayi a kuchimuna. Azakhali a mkwati, mayi wonenepa wa mano agolide, anaika manja m'chiuno.

"Ee, abale! Ife timadziwa kuti pansalu ya ukwati amasiya kamalo kosapeta, kangati chala, kuti maukwati asathe m'banja. Koma inu a kwa Mohira mwasiya msewu wa galimoto! Mukufuna zidzukulu zingati?"

Anthu anaseka. Hulkar anatsegula pakamwa kuti apeke nkhani, koma a Mohira anamugwira mkono. Mawu awo anatuluka aang'ono.

"Pamenepo panali ntchito ya mayi anga. Anapeta ali pafupi kufa. Ndinaimasula ine, ndi manja angawa."

Kuseka kunatha.

"Chifukwa chiyani, mayi?" anafunsa azakhali aja.

"Inali yokhota. Ndinaopa inu."

"Ine?" Azakhali aja anadziloza pachifuwa. "Ine amene batani la malaya ndimapititsa kwa telala?"

Palibe anaseka ulendo uno. Mayi wina wachikulire ananong'oneza pemphero la akufa, onse anakweza manja n'kupukuta kumaso. Kenako wina anati mpunga ukuzizira, anthu n'kutuluka. A Mohira anatsala kanthawi. Kuwala kwa pawindo kunkalowa m'timabowo tija, ndipo ukayang'anitsitsa umatha kuona pamene panali khangaza lililonse, ndi kukhota kwake komwe.

Ukwati unachitika, ng'oma zinalira, anthu anavina. Nsalu ili pakhoma mpaka lero, mmene inapitira. Malo opetera aja akuyendetsa ndi Hulkar, ndipo amayi afika asanu ndi anayi. A Mohira singano sanaigwirebe. Amakhala kuseri, kuwiritsa makoko a anyezi ndi a makangaza onyikamo ulusi kuti ugwire mtundu, manja ali achikasu mpaka m'zigongono.

Sevara anatha miyezi itatu akubwera kudzaona bambo ake okha, mayi ake n'kungowapatsa moni wa pakhomo. Tsiku lina chipale chikugwa analowa kuseri kuja, anaima pafupi ndi mphika, akuotha manja panthunzi.

"Amayi, mwadya?"

"Ndidya."

"Tsopano lino," anatero Sevara, n'kukhala pansi kudikira.