Ku Cuamba ndi Uthenga wa Bambo Ake

Ndinanyamuka ku Massangulo Lachisanu cha m'ma 6 koloko, belu la ku mishoni litangolira. M'thumba ndinaika mtedza, nyemba ndi chitenje chosinthira. Amuna anga, bambo Bernardo, anandiperekeza mpaka pamsewu, manja akununkhabe fodya, n'kundibwerezera uthenga wawo kachitatu: "Ukamuuze Felisberto kuti kusukulu kwapezeka malo a mphunzitsi wothandizira. Abwere mwezi uno usanathe."

Felisberto ndi mwana wathu wachiwiri. Anasiya maphunziro a uphunzitsi kutatsala chaka chimodzi, n'kupita ku Cuamba kukatsuka magalimoto. Patapita zaka zinayi tinamva kuti wayamba kugulitsa zomata pagalimoto, zipewa, malaya ndi nsalu zokutira mipando, zonse zolembedwa kuti Fumbi Lathu. Bambo ake atamva dzinali sanaseke. Anangofunsa ngati munthu angadyetse banja pogulitsa fumbi.

Chapa, minibasi ya ku Mandimba, ndinalipira mametikali 150. Kumanja kwanga kunali mayi wonyamula nkhuku ziwiri, kumanzere bambo wina amene anagona tisanapite patali, mutu wake n'kudzipezera malo paphewa langa. Ndinamusiya. Ankalemera pang'ono kuposa nkhukuzo, koma iye sankajompha.

Tinafika ku Mandimba cha m'ma 9. Felisberto anali atandipempha pafoni kuti ndimutengere katundu kwa telala wake, Abiti Saidi, kuseri kwa msika. Ndinapeza makina atatu pakhonde, mayiyo ndi ana ake aakazi awiri akusoka. Nditatchula dzina langa anaimitsa phazi.

"Ndinu mayi ake a Felis? Khalani pansi, simungapite osamwa tiyi."

Analankhula Chiyao kwa mwana wake, ndipo posakhalitsa kunabwera tiyi ndi chinangwa chophika. Ndinamufunsa ngati ntchito ya mwana wangayo ndi yodalirika.

"Ndikuuzeni chimodzi," anatero. "Nsalu yoyamba imene tinasoka inasuluka itangochapidwa kamodzi. Ine ndinati wogula wagula basi. Iye anakana. Anayenda yekha, dalaivala ndi dalaivala, kuchotsa zosulukazo n'kuikamo zatsopano. Mwezi umenewo anaonda ndithu. Koma kuyambira pamenepo makina awa sanapumepo."

Mtolo wake unali wolemera, ndipo anaumangirira padenga la chapa ya ku Cuamba. Ulendowu unali mametikali 300, katundu 50. Ndinapatsidwa mpando wakutsogolo chifukwa cha imvi. Dalaivala anavala chipewa chofiirira, ndipo nditawerenga mawu ake akuti Fumbi Lathu ndinayang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa.

Pa Mitande tinaima kuti ena atsike. Minda ya chinangwa inafika mpaka m'mphepete mwa msewu, ndipo amayi anatizinga ndi nthochi ndi chimanga chootcha. Ndinagula chimanga chiwiri, china n'kupatsa dalaivala.

"Bambo, chipewa chanucho chimatanthauza chiyani?"

"Ichi, mayi, n'cha ife amene tinaphunzira chiwongolero msewu uno usanathiridwe phula. Tinkafika ku Cuamba nsidze zili zofiira. Anthu ankatiseka. Mnyamata wina kumeneko anati fumbilo tisachite nalo manyazi, tilivale." Analuma chimanga. "Vuto lake n'limodzi: satsitsa mtengo. Amene anamulera anali ouma mtima."

Ndinavomera kuti mwina analidi otero.

Cuamba tinalowa cha m'ma 2 koloko, dzuwa likuswa mtengo, njinga zamoto zikudutsana ngati nyerere pafupi ndi njanji. Malo a Felisberto ndi kachipinda kamodzi, pambali pake pali potsukira magalimoto ndi mabenchi awiri pansi pa mtengo wa mango. Madalaivala anayi anakhala pamenepo akukangana za matayala, ena mu Chimakuwa, ena mu Chipwitikizi. Mwana wanga anatuluka pansi pa galimoto yakale yabuluu imene akuikonza pang'onopang'ono. Anagwada pondilonjera, ndipo nditagwira manja ake ndinamva ming'alu ya sopo.

Ndinadikira kuti amasule mtolo, aone msoko uliwonse, andionetse malaya atsopano. Kenako ndinamuitanira kuseri n'kupereka uthenga monga ndinaulandirira, osachotsapo kapena kuwonjezera.

Nditamaliza, iye anandifunsa:

"Amayi, inu mukuti bwanji?"

"Ine ndatumidwa."

"Ndikufunsa inuyo."

Ndinamuuza kuti m'mawa ndinanyamuka ndikugwirizana ndi bambo ake, koma tsopano sindinganame kuti ndikadali pomwepo. Ndinamuuzanso kuti yankho lake sindinyamula ine, chifukwa bambo ake si munthu womuyankha kudzera mwa wina.

"Ndibwera ndekha Lamlungu likudzali," anatero. "Ndiwauza kuti ayi, koma ndiwauza nditakhala pansi patsogolo pawo."

Zaka zinayi ndinkamudandaula mwanayu ndili pakhonde langa, osadziwa n'komwe chimene amachita dzuwa likatuluka. Zinatengera tsiku limodzi pamsewu kuti ndimve kwa anthu achilendo zimene ndikanamufunsa kalekale. Felisberto anandibweretsera madzi, n'kubwerera pansi pa galimoto ija, ine ndinakhala pabenchi ndi madalaivala aja n'kuyamba kusenda mtedza.