A Bonface a Kabaza ndi Mapilitsi a Tulo

Pa renki ya kabaza pa Muloza, a Bonface ndiwo anali odalirika. Ine Mwanaisha ndimachita geni yokaoda katundu ku Milange, ndipo sindinkakwera njinga ya wina ayi.

Ndiye kunabwera namondwe Freddy. Matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola nyumba yawo, akazi awo ali momwemo. Kuyambira pamenepo, akangotseka maso ankamva phiri likulindima, n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu. Mnzawo wina wa pa renki, wodziyesa dokotala, anawagawira mapilitsi ogonetsa ogula kwa mavenda.

Tulo tinabweradi, koma tinkawatsatira mpaka pa chishalo. Tsiku lina anagwetsera mphunzitsi m'ngalande dzuwa likuswa mtengo. Tcheyamani wa renki anawauza kuti ayambe aimika njinga. Nanga ana awo awiri adya chiyani?

Zinandinyansa. "Achimwene, mankhwala si chinangwa choti n'kumagawana. Tiyeni kuchipatala!"

Anakana, ati iwo si amisala. Ndinawalalatira mpaka tinakwera minibasi.

Adokotala a za maganizo ataona mapilitsiwo anapukusa mutu. Anati ameneyu ndi valiyamu, thupi limamuzolowera ndipo maloto sachotsa. Amusiye pang'onopang'ono, osati kamodzin'kamodzi. Anatchulanso purazosini, amene amathandiza anthu ena pa maloto oipa, koma amatsitsa kuthamanga kwa magazi, munthu n'kumachita chizungulire. Kenako anafunsa, "Ntchito mumayamba nthawi yanji, bambo?"

"M'bandakucha."

Choncho anawapatsa amitiriputilini wochepa, woti azimwa dzuwa likangolowa, osadikira pogona, kuti pofika m'mawa m'mutu mukhale mutayera. Anawauzanso kuti azibwera kudzakambirana za tsiku lija, poti pilitsi lokha silimaliza nkhani. A Bonface anatsatira zonse, ngakhale ankadandaula kuti kukamwa kukuuma ngati adya nthochi yosapsa.

Patapita miyezi tcheyamani anawalola kubwerera, koma anthu ankangowalambalala. Munthu wamkulu kuima tsiku lonse atagwira njinga yopanda wokwera! Zinandipweteka mumtima. Mawa lake ndinafika nditanyamula matireyi a mazira, n'kukhala pa kaliya.

"Chemwali, mazira?" anatero a Bonface.

"Palasani, mukundichedwetsa."

Tinafika pamsika popanda dzira losweka ndi limodzi lomwe. Ndisanamalize n'kutsika komwe, mayi wina wobereka khanda anali ataima kale pambali, akudikira njingayo.