Chipinda cha Mtedza

Nyumba yomwe tinachita lendi ku Katete inali ya zipinda zitatu papepala, koma ife tinkagwiritsa ntchito ziwiri. M'chachitatu munali matumba a mtedza a eni nyumba, ndipo kiyi wake ankakhala pachingwe m'khosi mwawo.

Eni nyumbawo anali mayi wamasiye, mlimi wakhama, ndipo ankakhala kuseri kwathu pabwalo lomwelo. Pangano lathu linali la tsamba limodzi, lolembedwa ndi mwana wawo. Ife tinkayenera kulipira kumayambiriro kwa mwezi, kusesa pabwalo ndi kusamala mkati. Iwo denga, chimbudzi ndi mpope. Mbali yawo ankaisunga. Denga litadontha pa mvula yoyamba, mmisiri anakwera tsiku lomwelo. Za chipinda chija zokha ndi zimene sitinkakamba.

Kenaka mkazi wanga anakhala woyembekezera, ndipo amayi ake anatumiza mawu kuchokera ku Vubwi kuti abwera kudzadikirira. Apongozi sangagone pabalaza pomwe mkamwini amadutsa m'mawa ndi thaulo. Chipindacho chinafunika.

Ntchito yanga ndi yolemba, choncho ndinalemba. Inali kalata yotayipa ya ndime zitatu, yotchula mfundo ya m'pangano ndi tsiku loti matumba akhale atatuluka. Ndinaiika mu envulopu n'kuilowetsa pansi pa chitseko chawo. Kuchoka pakhomo pathu kukafika pawo ndi mapazi makumi awiri.

Kwa masiku atatu moni wanga ankangoyankhidwa ndi mutu. Nkhwani zomwe ankatigawira zinasiya kubwera.

Mkazi wanga atamva zimene ndinachita anaseka mpaka misozi.

"Bambo, munthu mukumuona ndi maso, mpaka kalata? Mwawasandutsa ofesi ya boma?"

"Ndi ufulu wathu. Zili papepala."

"Ufulu ndi wathu, inde. Koma pepala lilibe mawondo."

Loweruka anandikokera kuseri. Tinawapeza eni nyumba ali pamphasa akuswa mtedza, ndipo tinakhala pansi n'kuyamba kuswa nawo. Lichero loyamba linadzaza tikukamba za mtengo wa thonje. Lachiwiri lili pakati, mkazi wanga anatchula za kubwera kwa amayi ake.

Eni nyumba anapisa dzanja pansi pa mphasa n'kutulutsa kalata yanga. Envulopu inali yosatsegula.

"Mwananga, kuno kalata yolowera pansi pa chitseko ndi ya notisi," anandiuza. "Ndimayesa mukusamuka. Ndinati anawa ndawalakwira chiyani?"

Ndinafotokoza ndi pakamwa. Zinangotenga ziganizo ziwiri.

"Basi? Chipinda chomwe mumalipira kale? Ine ndinkati anthu awiri achita nazo chiyani zipinda zitatu. Mukanangonena." Kenaka anatembenukira kwa mkazi wanga. "Amuna anuwa kusukulu anawaphunzitsa zonse, kupatula kuodira."

Koma nawo anali ndi pempho. Kwawo kunalibe malo a mtedza wamakoko, choncho unayenera kuswedwa kaye. Tinaswa masabata awiri, tsiku lililonse ndikaweruka. Chala changa chachikulu chinatupa, ndipo iwo ankachionetsa kwa aliyense wodutsa kuti aone mmene zala za muofesi zilili. Matumba ataphwa anakwana pakona ya khitchini yawo. Anavula kiyi m'khosi n'kupatsa mkazi wanga, osati ine.

Ife tinapaka laimu, popeza mkati ndi udindo wa wochita lendi. Iwo anabweretsa galasi latsopano la pawindo losweka. Apongozi anagonamo miyezi itatu, ndipo amayi awiriwo anagwirizana kwambiri, moti mwana atabadwa ankalimbirana kumusambitsa.

Tikukhalabe m'nyumba yomweyo. Pangano likutha mu Disembala ndipo tagwirizana kulilembanso. Mwana wawo abwera ndi pepala latsopano kuchokera ku Sinda, koma eni nyumba anena kale kuti lidzawerengedwa mokweza tonse titakhala pansi, aliyense anene zakukhosi, kenaka tidzasaine.